MLENDO AONA CHIANI PA MAYANI?

Sabata ino tifuna kuyenda nanu ulendo wa ku Mayani, m'boma la Dedza. Ena a inu ndi kwanu komweko, ena munangopitako kukagula nyemba kapena kukakhuza maliro, ndipo ambiri simunapondeko chibadwire. Nonsenu tikupemphani chinthu chimodzi: pa ulendo uno mubwereke maso a mlendo wochokera kutsidya la nyanja, kuti muone mudzi monga auonera iye. Paja munthu saona msana wache, amachita kuuzidwa ndi mnzache.

Chimene chautsa nkhaniyi ndi ichi. Kutali kum'mawa, ku Asia, kuli dziko lotchedwa Thailand. Alendo amene apitako, pobwerera kwao asimba chimodzimodzi, kuti anthu a kumeneko ndi ansangala, ofatsa, osapsa mtima msanga, ndi kuti chinthu chikalakwika amangomwetulira nanena mau amene m'chinenero chathu ndiwo "palibe kanthu." Tsono alendo amene afika kuno kwathu anenanso zomwezo za ife. Kodi anena zoona? Ndipo ngati nzoona, kodi tingonyadira basi, kapena pali pena pofunika kuchenjera? Tiyeni tikaone.

PANJIRA

Ulendo wathu tiuyambire pa Boma la Dedza. Ngati ndi mwezi wa June kapena July mutenge chofunda, pakuti tauni imeneyi iri pamtunda wa mamita ngati 1,600, ndipo nsonga ya phiri la Dedza ifika mamita 2,198. M'mawa nkhungu imakuta mapiri, madzi a mumtsuko amachita kuluma zala. Alendo ambiri a kunja amathera chakonkuno. Ena amapita ku Chongoni kukaona zithunzi zimene anthu akale anajambula pa miyala, zimene bungwe la UNESCO linazilemba m'chaka cha 2006 m'kaundula wa chuma cha dziko lonse lapansi. Ena amatsikira ku Mua, kumene Ansembe a Katolika anayamba misyoni m'chaka cha 1902. Koma amene afuna kudziwa anthu eni ache asiye mseu waukulu wa Lilongwe ndi Blantyre, alowere chakumpoto, m'dziko la Mfumu Tambala. Kumeneko ndiko kuli Mayani.

Njira yache njokwera ndi kutsika. Uku ndi uku muona minda ya chimanga ndi nyemba yakwera m'mapiri, m'madimba muli kachewere, kabichi ndi matimati, ndipo mukomana ndi ngolo za ng'ombe, anyamata a kabaza ndi amai osenza madengu. Pa Mayani penipeni pali msika, masitolo, zigayo, sukulu ya sekondale, chipatala chaching'ono ndi ofesi ya alangizi a za ulimi. Kuno Ayao ndi Achewa akhala pamodzi. Wina akupatsani moni kuti "Ali uli?" wina kuti "Muli bwanji?" Lachisanu ena apita ku mzikiti, Lamulungu ena ku tchalitchi, koma pa msika ndi pa maliro onse ali amodzi.

Mlendo amayamba kudabwa pofunsa njira. Taimikani bambo amene ali pa njinga, mumfunse kuti kwa auje nkuti. Iye atsika, ayamba wakupatsani moni, afunsa kumene mwachokera, ndipo potsiriza ati, "Ndi pompa apa, tiyeni ndikufikitseni." Mudzayenda ola lathunthu musanafike "pompa" pamenepo, mwini wache akukankha njinga, ulendo wache atauiwala. Kodi anakunamizani? Iai. Anangofuna kuti mtima wanu usagwe ulendo usanayambe. Mukampepesa kuti mwamchedwetsa, ayankha kuti, "Palibe kanthu."

ODI KUNO!

Pofika pakhomo muti "Odi!" ndipo akuyankhani kuti "Afike!" Apa mlendo wa ku Ulaya amasokonezeka, chifukwa kwao moni ngwa choimirira, mau awiri okha, munthu napitirira. Kuno mwana athamanga kudzalandira katundu, amai ayala mphasa, atulutsa mpando, ndipo moni adikira kufikira mlendo atakhala pansi ndi kupuma. Pamenepo eni nyumba adza mmodzimmodzi, amai atagwada chapatali, abambo akuomba m'manja pang'onopang'ono. Afunsa za moyo wanu, za ana, za mvula ya kwanu. Chimene mwadzera sachifunsa msanga, pakuti kutero nkupirikitsa mlendo.

Musanathe kufotokoza za kwanu, chikho cha thobwa chafika. Kuseri mumva nkhuku ikulira, ana ali nayo liwiro. Mukati, "Musabvutike, ndadya kale," palibe amene akumverani. Akuthirirani madzi m'manja, nsima ifika yobvundikira, eni ache natuluka kuti mudye momasuka. Pochoka akumangirani nyemba kapena mtedza, nakuperekezani mpaka kutsidya la mtsinje. Makolo anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Nchifukwa chache amamsamala akalipo.

Mukapeza masamba aawisi ataikidwa pa mseu, tsikani pa njinga, bvulani chipewa, pamudzipo pagwa zobvuta. Tsiku limenelo khasu silipita kumunda, ndipo msonkhano umene mlendo anaitanitsa suchitika. Mlendo wa wotchi pamkono aona ngati nkutaya nthawi. Koma akakhalitsa amazindikira kuti kuno munthu ndiye ali patsogolo, wotchi pambuyo.

ZIMENE ANAONA DOTOLO LIVINGSTONE

Musayese kuti alendo ayamba lero kutiyamika. M'chaka cha 1866 Dotolo David Livingstone anali pa ulendo wache wotsiriza. M'mwezi wa September, ali chakumwera kwa Nyanja, amtengatenga ache a ku chilumba cha Johanna anamthawa, nakafalitsa bodza kuti waphedwa. Anatsala ndi anyamata owerengeka, katundu ali mbwee, patsogolo pali mapiri. Akadapanda anthu a m'midzi, ulendowo ukadathera pomwepo.

Mfumu Kimsusa, imene inali kukhala m'tsinde mwa mapiri, inamdyetsa masiku angapo. Pamene amuna a m'mudzi anazengereza kusenza katundu, akazi a mfumu anadzuka kuti asenze okha, amunawo achite manyazi. Wina anasenza mowa, wina ufa, ndipo pofika pachigono anayamba kuphika. M'mwezi wa October Livingstone anakwera mapiri a Kirk Range, mtandadza womwewu umene phiri la Dedza liri mbali yache, nayenda mudzi ndi mudzi, kuoloka Diamphwe kuloza ku Dzalanyama. M'buku la ulendowu, limene linasindikizidwa m'chaka cha 1874 iye atamwalira, analembamo za ulemu wa anthu a kumtunda kuno. Anaona kuti kuomba m'manja kuli ndi matanthauzo ambiri: popempha njira, popepesa, pothokoza ndi polemekeza mfumu. Analembanso za minda yaikulu yolimidwa bwino, za ng'anjo ndi za osula makasu.

Koma taonani ichi. Anthu omwewo anali pa mantha akulu. Nkhondo za Angoni, amene iye anali kuwatcha Mazitu, ndi malonda a akapolo zinali kupasula midzi. Ulemu umene anauona sunali wa anthu opanda mabvuto; unali wa anthu amene mabvuto sanathe kuwalanda umunthu. Ndiponso sanali aulesi, pakuti manja amene anali kuomba ulemu ndi omwewo anali kusula makasu. Mau amenewa muwasunge, tiwafunanso kutsogoloku.

Patapita zaka zoposa 100, m'zaka za m'ma 1970, dziko lathu linapatsidwa dzina la Chingerezi loitanira alendo loti Warm Heart of Africa, ndiko kunena kuti mu Afirika monse kuno ndiko kwa anthu a mtima wabwino. Dzinalo likalipo kufikira lero.

ANZATHU A KU THAILAND

Tsopano tisiye Mayani pang'ono, tione anzathu aja tinawatchula poyamba. Dziko lao kale linali kutchedwa Siam, ndipo dzina la Thailand linayamba m'chaka cha 1939. Mzinda wache waukulu ndi Bangkok, anthu ache aposa 65 miliyoni, ndipo ambiri a iwo atsata chipembedzo cha Buddha. Mwa maiko oyandikana nalo, ili lokha ndilo silinalamulidwepo ndi Azungu. Monga ife tidalira chimanga, iwo adalira mpunga, kotero kuti pokomana amafunsana kuti, "Kodi mwadya mpunga?" ndipo ameneyo ndiye moni.

Mukadapitako inu a pa Mayani, zambiri sizikadakudabwitsani. Popereka ulemu amaphatikiza manja pachifuwa naweramitsa mutu, ndipo wamng'ono ndiye amayamba. Mwambowu amautcha wai. Podutsa pamaso pa akulu amawerama, monga achitira mwana woleredwa bwino kuno. Polowa m'nyumba amabvula nsapato. Kumpoto kwa dzikolo kuli mwambo wakale woika mtsuko wa madzi kunja kwa mpanda kuti aliyense wapaulendo amwe osapempha, ndipo kuolowa manja amakutcha nam jai, ndiko kuti "madzi a mumtima." Munthu wodekha amati ali ndi jai yen, "mtima wozizira," ndipo kukalipa pagulu kwa iwo nchinthu cha manyazi ndithu. Tsono mau amene mlendo aliyense amawatola msanga ndiwo mai pen rai. Basi yachedwa, mai pen rai. Mwamponda wina phazi, mai pen rai. Mwamthokoza, mai pen rai. Ndiye "palibe kanthu" wathu yemwe uja.

Khalidwe limeneli lawapindulira. Alendo alitcha dziko lao Dziko la Kumwetulira, ndipo m'chaka cha 2019 kunafika alendo pafupifupi 40 miliyoni, ndiko kuposa kawiri anthu onse a m'Malawi, amene pa kalembera wa 2018 anali 17.5 miliyoni. Alendo amenewo amagona, amadya, amagula, ndipo ndalama zimatsala. Motero amene ayesa kuti ulemu nchinthu chachabe cha kumudzi aganizenso bwino. Ulemu ndi chuma, ndipo sulira feteleza.

ZIMENE MLENDO SAONA

Koma mlendo ndi mame ndithu. Amakamuka asanaone zonse. Tiyeni tibwerere pakhomo paja tinadya nkhuku, tizungulire kuseri kwa nyumba.

Nkhuku ija mwina inali yomweyo, imene anaisungira kuti akagulitse mwana akadwala. Ufa uja mwina anachita kubwereka kwa apongozi. Amai aja anagwada ndi nsangala anadzuka tambala woyamba, natunga madzi kudambo m'chisanu cha June, natola nkhuni, ndipo iwo ndi ana adya mlendo atachoka, ngati kanthu katsala. Agogo aja anati "Ndiri bwino" akhala akutsokomola miyezi itatu. Mlendo apita kwao nakalemba kuti, "Anthu aja ngosauka koma ngokondwa, sadandaula kanthu." Inu ndi ife tidziwa kuti kusadandaula pamaso pa mlendo sindiko kusowa chodandaula.

A ku Thailand ali nalo dzina la khalidwe limeneli. Amati kreng jai, ndiko kuopa kubvutitsa mnzako kapena kumchititsa manyazi, kotero kuti munthu abvomera pakamwa mtima ukukana. Alendo amene akhalitsa kumeneko amaphunzira kuti kumwetulira kuli mitundumitundu: kwa chimwemwe, kwa manyazi, kwa kupepesa, ngakhale kwa mkwiyo wobisa. Kodi si momwemonso kwathu? Mlangizi akafotokoza pa msonkhano, anthu onse aomba m'manja nati, "Tamva, tikachita." Pobwerera kunyumba ayamba kunong'onezana kuti zimenezo sizingatheke pa nthaka ya kuno. Mlangizi apita wokondwa, anthu apita osathandizidwa, chifukwa palibe amene anafuna kumkhumudwitsa. Ulemu wotere uli ngati kufunditsa bala ndi nsalu yokongola.

NKHANI YA ANA M'PHANGA

Pali chinthu china chimene chinachitika ku Thailand chimene tifuna kuti muchimve, chifukwa chionetsa pamene "palibe kanthu" ayenera ndi pamene sayenera.

Pa 23 June 2018 anyamata 12 a timu ya mpira, a zaka za pakati pa 11 ndi 16, analowa ndi mphunzitsi wao m'phanga la Tham Luang, m'chigawo cha Chiang Rai. Mvula inagwa yamphamvu, madzi nadzaza njira, iwo natsekeredwa m'kati mwa phiri. Kodi muyesa anthu anakhala pansi nati mai pen rai? Kutalitali! Anthu zikwizikwi anasonkhana pakhomo pa phangalo. Asilikali ndi akatswiri osambira pansi pa madzi, a m'dzikomo ndi a maiko ena, anagwira nchito usana ndi usiku. Anthu wamba anadza kudzaphika ndi kuchapa zobvala za ogwira nchitowo kwaulere. Pa 2 July anawo anapezeka ali moyo, ndipo pofika pa 10 July onse 13 anali atatulutsidwa. Mmodzi wa opulumutsa, Saman Kunan, anataya moyo wache pa nchitoyo.

Tsono imvani za alimi. Madzi amene makina anali kupopa m'phangamo anasefukira m'minda ya mpunga ya kumunsi, naononga mbeu. Alimi ambiri sanaimbe mlandu munthu. Anati mpunga umabzalidwanso, koma mwana sabzalidwanso. Ndipo m'kati mwa phanga, mphunzitsi uja anaphunzitsa anawo kukhala chete ndi kudekha, kuti mphamvu zao zisathe ndi mantha.

Mwaona kodi? Pa munda wao anati palibe kanthu. Pa moyo wa ana anati kanthu kalipo, nadzuka onse. Mtima unali wozizira, koma manja anali otentha. Ndi zomwe zija anaziona Livingstone m'mapiri muno.

PAMENE KANTHU KALIPO

Motero sitikuuzani kuti mutaye "palibe kanthu." Mau amenewa amanga midzi. Mbuzi ya mnzanu ikadya chimanga chanu mapesi awiri, mwana akaswa mtsuko, mlendo akalakwa mwambo posadziwa, mnzanu wa chipembedzo china akapemphera mosiyana ndi inu, nenani palibe kanthu, ndipo mudzagona tulo. Milandu yambiri imene itopetsa mafumu pabwalo ikadatha ndi mau awiri amenewa.

Koma pali malo ena pamene mau omwewa amasanduka poizoni. Mwana thupi likatentha usiku, kanthu kalipo. Malungo sadikira kuti muthe kupalira, mutengereni ku chipatala m'mawa mwache. Mai woyembekezera masiku akayandikira, kanthu kalipo. M'mapiri muno mvula ikagwa njira zimabvuta, choncho apite msanga akadikire komweko. Mvula yobzalira ikagwa, kanthu kalipo. Amene ati "tibzala mawa" akumbukire kuti zengerezu adalinda kwaukwau. Madzi akayamba kukumba kangalande m'munda wa paphiri, kanthu kalipo. Limani mizere yopingasa, ikani akalozera, bzalani udzu wa vetiva ndi mitengo, pakuti nthaka imene yapita ku Nyanja sibwerera. Wogula akadza ndi sikelo yokaikitsa, kapena afuna thumba la kachewere losokerera pamwamba pa mtengo wa thumba wamba, kanthu kalipo. Mumuuze mwaulemu, koma mumuuze, ndipo mukagwirizana alimi nonse adzamva. Mtsikana akasiya sukulu kuti akakwatiwe akali mwana, kanthu kalipo kakakulu.

Pa msonkhano napo, ngati simunamve, funsani. Ngati simubvomereza, imirirani, ombani m'manja monga mwa mwambo, ndipo nenani maganizo anu. Mfumu yanzeru, mlangizi wanzeru ndi mlendo wanzeru onse akondwera ndi munthu wonena zoona koposa wongobvomera. Kukana mwaulemu si mwano.

Chinanso nchokhudza ana athu. M'malo ena m'mene mupita alendo ambiri, ana aphunzira kuthamangira Mzungu ndi dzanja lotambasula, kupempha ndalama. Makolo, ichi chisafike pakhomo panu. Agogo athu anali kuthamangira mlendo kuti amlandire katundu, osati kuti amlande. Mbiri yabwino imene tinaipeza kwa iwo ingathe kutayika m'mbadwo umodzi wokha.

TAKUPEREKEZANI

Dzuwa lapendeka, mphepo ya m'mapiri yayamba kulowa m'mafupa, ndipo utsi wayamba kutuluka m'makhichini a pa Mayani. Ogulitsa pa msika akumanga katundu wao, a kabaza akuitana otsala. Tibweze tsopano maso aja tinabwereka.

Kodi mlendo anena zoona kuti ndife anthu ofatsa ndi ansangala? Inde, anena zoona, ndipo tisachite nazo manyazi. Koma iye aona pabwalo pokha. Kuseri kwa nyumba tikudziwa ndife eni. Tsono mlendo akadzafikanso pakhomo panu, muyalireni mphasa, mpatseni thobwa, mumperekeze monga mwa masiku onse. Akakupepesani kuti wakubvutitsani, muuzeni kuti palibe kanthu. Koma mukabwerako koperekeza, kaoneni agogo aja akutsokomola, ndipo mawa muwakweze pa njinga.

Ife tabwerera pano pa mtsinje. Muyende bwino, mukapereke moni kunyumba.